Mkono wa Amake Tiya

Lachitatu, 5 Febuluwale 2025

Pa 6 Julaye 1993 ndinamwetsa chigoli chimene sindinachione. Timu yathu ya ku Dambe inapita ku Kachebere kukasewera ndi anyamata ochokera ku Chipata. Ndinali ndi zaka 19, wotchinga kumbuyo. Chigawo choyamba chisanathe ndinalumphira mpira wa pakona n'kuwombana mutu ndi goloboyi wawo. Akuti ndinagwa ngati thumba la chimanga. Anandikokera kunja kwa mzere, anandithira ndowa ya madzi, kochi anandifunsa dzina la amayi anga, ndinayankha bwino, basi anandibwezera m'bwalo. Chigolicho ndinamwetsa ndi mutu womwewo masewero ali pafupi kutha. Ndimachidziwa mmene anthu amachifotokozera. Chimene ndimakumbukira ine ndi kudzuka m'mawa mwake m'kalasi imene tinagona, ndikusanza, ndikufunsa ngati masewero ayamba.

Ndalemba zimenezi chifukwa lero adokotala andifunsa kuti ndinakomokapo kangati pa mpira. Ndawerenga kasanu ndi kamodzi. Mwina n'koposa. Iwo ndi Dokotala Mkandawire, mayi wa ku Rumphi, wolankhula pang'onopang'ono. Andiuza kuti ndizilemba tsiku lililonse zimene zachitika, kuti tione zimene zikutsala m'mutu ndi zimene zikutayika.

Dzina langa ndine Cyprian Mbewe, zaka 51. Ndine ejenti paboda ku Mchinji, pa kampani yokonza mapepala a katundu wa malole. Lolemba ndinagwa mu ofesi, akuti ndinaphupha ndi kudziluma lilime. Ndinatsitsimuka Lachiwiri ndili muno, wodi ya amuna, bedi nambala 7.

Wondidikirira ndi akazi anga Eunice, amake Tiya. Mkono wawo wamanja uli mu pulasitala. Akuti anagwa pa njinga sabata yatha, pafupi ndi chigayo. Sindikukumbukira kuti anagwa. Sindinawauze kuti sindikukumbukira.

Lachinayi, 6 Febuluwale

Malungo palibe. Shuga 5.4. Kuthamanga kwa magazi 138/86. Kachilombo palibe, chindoko palibe. Atenga madzi a mumsana, ndagona chagada maola anayi wopanda pilo. Mankhwala: kabamazepini 200, m'mawa ndi madzulo. Panado mutu ukavuta.

Adokotala anandipatsa mawu atatu oti ndisunge: lalanje, tebulo, khasu. Kenako anati ndizichotsa 7 kuyambira pa 100. Ndinafika pa 86 n'kusochera, ine amene ndinathera zaka zinayi ku Zomba ndikuphunzira za chuma. Mawu aja ndinabweza awiri. Anandipatsa pepala kuti ndijambule wotchi. Manambala onse anaunjikana mbali imodzi ngati anthu othawa mvula pakhonde. Ndinaona kuti n'zolakwika koma sindinadziwe pokonza.

Anafunsanso za mpira. Ndinawauza za kochi wathu wa ku Dambe, amene ankathira mchenga wonyowa mu mpira wakale n'kuumangirira pa nthambi ya mango. Ife a kumbuyo tinkaumenya ndi mutu ka 100 m'mawa uliwonse, kuti chipumi chikhwime. Ine ndinkamenya ka 200. Ndinali wamanyazi, sindinkatha nthabwala, ndipo njira yoti anthu andione inali imeneyo. Ndinasewera ku sekondale, ku yunivesite, kenako m'timu ya ogwira ntchito paboda mpaka zaka 36. Adokotala analemba kwa nthawi yaitali.

Pa bedi nambala 8, pawindo, pali a Henry, dalaivala wa ku Chipata. Lole yawo inagubuduzika pafupi ndi boma. Mwendo anaumanga ndi chingwe chodutsa pachitsulo, kumapeto kwake kukulendewera zolemera. Anandizindikira nthawi yomweyo. Akuti chaka chatha ndinawagoneka paboda masiku atatu chifukwa cha chidindo chimodzi.

"Manje ndimwe muli pa laini, ba ejenti," anatero. "Tione ngati mapepala yanu yatuluka lelo."

Ali ndi kawailesi kamene sikapuma.

Lachisanu, 7 Febuluwale

Kuthamanga kwa magazi 134/84. Sindinagwe. Mankhwala akundipatsa chizungulire.

Amake Tiya anabweretsa mpunga ndi bowa. Bowayo anali woduladula mosalingana chifukwa akudula ndi dzanja lamanzere. Akuti mayi wina ku khitchini ya odikirira odwala akumawatsitsira poto pamoto.

Ndaona chinthu china. Mbale amaiika pa kabati, kenako amabwerera kumiyendo kwa bedi. Ndikamadya amakhala pansi, mbali ya kukhomo. Odikirira ena amakhala pabedi penipeni, ena amadyetsa amuna awo ndi supuni. Masana ndinatambasula dzanja kuti nditenge kapu, iwo ali pafupi kupukuta kabati. Anakweza mkono wa pulasitala uja kuphimba nkhope. Kenako anaseka, akuti ntchentche.

Ndinawafunsa kuti anagwera pati. Anati pafupi ndi mjigo. Atatuluka ndinatsegula tsamba la Lachitatu, palembedwa chigayo. Mwina ndine ndinalemba molakwa.

Njinga yathu ilibe tcheni kuyambira Khirisimasi. Kapena inakonzedwa, ine ndaiwala.

Loweruka, 8 Febuluwale

Kunabwera achimwene anga a Phillip, pamodzi ndi a Mateyu, amalume awo a amake Tiya. A Phillip ndiwo nkhoswe yanga, a Mateyu ndi nkhoswe ya kuchikazi. Anthu awiriwa sayendera limodzi chabe. Komaliza kuwaona atakhala pa benchi imodzi kunali pa ukwati wa mwana wathu Tiyanjane.

A Mateyu sanakhale pansi ngakhale anawapatsa mpando. Anafunsa mmene ndagonera, anayang'ana pulasitala ya mdzukulu wawo, kenako anayang'ana manja anga.

"Muchire kaye, akamwini," anatero. "Zina tikamba mutaima ndi miyendo yanu."

Atatuluka ndinafunsa achimwene kuti zina zake ziti. Anati munthu ali pa mphasa sazengedwa mlandu. Atangoti mlandu anazindikira kuti lilime laterereka, ndiye anayamba za mvula, za feteleza amene wachedwa, za mbozi zimene zalowa m'chimanga ku Dambe. Anandisiyira nthochi ndi botolo la thobwa.

A Henry amaona zonse za panja. Akuti pa njinga ya achimwene panali tambala wamoyo, womangidwa miyendo.

"Nkhuku ija si ya odwala," anatero. "Ya odwala imabwera yophika."

Nyumba yathu ili ku Kachebere, pa malo a kwawo kwa amake Tiya. Ndinaimanga ndekha, njerwa zowotcha, zaka 24 zapitazo. Malowo si anga. Sindinaganizepo za zimenezi kwa nthawi yaitali.

Lamulungu, 9 Febuluwale

Mutu kuyambira m'mawa, kuchipumi ndi kuseri kwa maso. Panado kawiri. Mvula tsiku lonse. Bambo wa pa bedi nambala 3 amwalira nthawi ya chakudya cha masana, anawatchinga ndi nsalu.

Mawa ku Lilongwe kukajambula mutu.

Lolemba, 10 Febuluwale

Tinanyamuka 6 koloko pa ambulasi, odwala anayi. Amake Tiya anakhala kutsogolo ndi anamwino chifukwa cha mkono. Tinadikira mpaka 1 koloko. Makinawo ali ngati mphete yaikulu, amakulowetsa mutu wokha, amati usagwedezeke. Sizipweteka. Zotsatira azitumiza kwa adokotala athu.

Tikudikira ambulasi m'khonde, panapita kanthawi kamene sindinkadziwa kumene ndili. Ndinaona anthu ali pa mzere, ndinapita kwa bambo wina n'kumufunsa mapepala a lole yake. Anandipatsa kabuku kake ka kuchipatala. Ndinakatsegula, ndinakaunika bwinobwino, ndinamubwezera. Amake Tiya anapepesa m'malo mwanga. Ndinaona kuti mawu opepesawo ali nawo kale okonzeka.

Lachiwiri, 11 Febuluwale

Ndadzuka dzuwa likulowa. Andibaya dayazepamu. Ndili pa bedi nambala 2, pafupi ndi tebulo la anamwino. Chikhatho chatupa.

Wailesi ya a Henry siikumveka. Palibe amene akundiyang'ana.

Lachitatu, 12 Febuluwale

M'mawa ndinapita pa bedi la a Henry. Anandiuza kuti ndiime pomwepo, kumiyendo, ndisayandikire. Ndinawapempha kuti andiuze zonse osachotsa kanthu.

Akuti inali 2 koloko masana. Ndinawauza kuti achepetse wailesi, iwo anati dikirani nyimbo ithe. Ndinadzuka, ndinatenga wailesiyo, ndinaimenyetsa pa chitsulo cha bedi mpaka mabatire anamwazika. Kenako ndinagwira chingwe cha zolemera zija n'kuyamba kukoka. Iwo sakanatha kuthawa. Anandigwira abambo awiri odikirira odwala ndi anamwino. Mwendo aujambulanso, fupa lasuntha pang'ono. Awawonjezera masabata awiri.

Akuti sindinakuwe, sindinatukwane. Nkhope yanga inali ngati ya munthu amene akuwerenga mapepala, ndipo n'chimene chinawaopsa kwambiri. Amake Tiya anali akulowa ndi mbale. Anaiika pansi bwinobwino osataya kanthu, anabwerera, anakaima kuseri kwa chitseko.

"Ise tonse tinadabwa, ba ejenti," anatero a Henry. "Akazi anu sanadabwe."

Ndinapepesa. Anati ndidzawagulire wailesi ya chitsulo. Sanaseke.

Masana adokotala anandiitanira m'kachipinda kawo. Amake Tiya anali kophika. Ndilemba monga anandiuzira.

Chotupa mulibe. Magazi oundana mulibe. Ubongo wafota kutsogolo ndi m'mbali, kuposa mmene ungafotere kwa munthu wa zaka 51. Akambirana pafoni ndi katswiri wa ku Lilongwe. Poona zithunzi, mbiri ya mpira, kuiwala, kugwa ndi mkwiyo, akuganiza kuti ndi matenda obwera mutu ukamamenyedwa mobwerezabwereza zaka zambiri. Dzina lake amalifupikitsa kuti CTE. Akuti palibe makina amene angatsimikize munthu ali moyo, amatsimikiza poyeza ubongo munthu atamwalira. Mankhwala ochiza palibe. Kabamazepini achepetsa kugwa, mwina ndi mkwiyo, koma kuiwala ayi. Matendawa amayenda pang'onopang'ono, zaka, ndipo sabwerera m'mbuyo.

Ndinafunsa ngati ndidzapwetekenso munthu.

"Sindingakulonjezeni kuti ayi, bambo Mbewe."

Anafuna kuti aitane amake Tiya tikambe tonse atatu. Ndinapempha kuti ndikawauze ndekha. Anati matenda ndi anga, sangaulule ine ndisanalole, koma awauza kale kuti asamakhale nane okha m'nyumba, ndipo mawu amenewo sawabweza. Zina zonse azilemba m'kabuku kanga, m'Chingerezi cha madokotala. Amake Tiya sukulu analekeza Sitandade 8.

Mankhwala akwera: 200 m'mawa, 400 madzulo.

Lachinayi, 13 Febuluwale

Achimwene anabwera okha. Tinakakhala pakhonde la wodi. Ndinawafunsa mwachindunji ngati mkono uja ndinathyola ndine.

Anayang'ana nsapato zawo, kenako anafotokoza. Linali Lolemba, pa 27 Januwale, madzulo nditaweruka. Ndinasowa makiyi a ku ofesi, ndinati abisa amake Tiya. Ndinatola mpini wa khasu. Ndinalozetsa kumutu, iwo anatchinga ndi mkono. Anansi atafika anandipeza nditakhala pa mpando ndikusenda chinangwa. Makiyi anali m'thumba la malaya amene ndinavala. M'mawa mwake ndinapita kuntchito ngati masiku onse.

A Mateyu akufuna ukwati uthe, mkamwini anyamule chikwama chake abwerere ku Dambe. Amake Tiya ndiwo anapempha kuti adikire. Akhazikitsa tsiku: Lamulungu pa 23, kwa a Mateyu.

Ndinawauza achimwene zonse zimene adokotala ananena. Anandigwira pabondo n'kunena kuti zimenezi zithere pakhonde pomwe pano. Nzeru yawo ndi iyi. Pa 23 ndikagwade, iwo akapereka tambala uja wopepesera, ine ndikanene kuti ndinaledzera. Ndikanene kuti ndinayamba kumwa kachasu mobisa ndi madalaivala paboda, ndikalumbire pamaso pa ankhoswe kuti ndasiya ndipo sindidzakwezanso dzanja.

Ndinati aliyense akudziwa kuti sindimwa.

"Omwa mobisa ndi ambiri, iwe. Akhulupirira chifukwa akufuna kukhulupirira. Mowa umasiyika. Woledzera amamulangiza, wodwala mutu amamubweza kwawo."

Anawonjezera kuti ndikangotchula ubongo, a kuchikazi adzati ndi misala ya ku mtundu kwathu imene tinawabisira, ndiye Tiya ndi ana ake adzayamba kulozedwa zala. Ndinati si za ku mtundu, ndi za mpira. Anafunsa kuti ndani ku Kachebere angamve zoti mpira umadwalitsa munthu, poti mudzi wonse unandinyamula paphewa chifukwa cha mutu womwewu.

Anati ngati zitavuta, kwawo kuli kachipinda kamene amasungira soya. Ponyamuka anati ndowa ija ya mu 1993 anathira ndi iwo. Ndinawauza kuti aliyense akanathira.

Zimene akufuna ankhoswe ndi lonjezo. Munthu amalumbira kuti sindidzachitanso, nkhuku imalandiridwa, mlandu umatha. Ndi njira yabwino, ndaionapo ikumanga mabanja ambiri. Koma inapangidwira munthu amene amakhalapo pamene akulakwa.

Lachisanu, 14 Febuluwale

Kuthamanga kwa magazi 130/82. Chizungulire. Ndikuona zinthu ziwiriziwiri ndikadzuka msanga. Anamwino akuti ndi mankhwala.

Amake Tiya anabweretsa maungu. Ndinawapempha kuti akhale pabedi. Anakhala kumiyendo, m'mphepete. Ndinawauza kuti za mkono ndadziwa.

Sanalire. Anati aka n'kachitatu. Koyamba kunali mu 2022, ndinawakankhira kukhoma chifukwa cha chitseko chimene chinamenyeka ndi mphepo. Kachiwiri ndinawagenda ndi mbale ya dothi, inaphonya. Sanauze munthu. Chikwanje, nkhwangwa ndi mpeni waukulu akhala akusungitsa kwa mng'ono wawo kuyambira chaka chatha. Ndikazifunafuna ankandiuza kuti mwina ndabwereketsa n'kuiwala, ine n'kumavomera. Mpini wa khasu sanauganizire.

Ndinafunsa chifukwa chimene sanandiuze. Anati ndikabwerera ndimakhala munthu wabwinobwino, wofunsa ngati mbuzi zamwa madzi, ndiye amasowa womuuza. Akuti amaona nkhope ikusintha, amadziwa kuti abambo a Tiya atuluka, ndipo amangodikira kuti abwere.

Za nzeru ya achimwene akudziwa. Anati ngati mowa ndi umene amalume akufuna kumva, ndiwauze mowa, iwo sadzatsutsa. Kenako anatsitsa mawu.

"Adokotala ati ndisamakhale nanu ndekha. N'zamasiku oyamba okhawa, eti? Mpaka mankhwala agwire? Khunyu anthu amakhala nalo, amalima, amakalamba. Ati muchira, abambo a Tiya?"

"Ati ndichira."

Anaika dzanja lamanzere pa phazi langa, pamwamba pa bulangeti. N'koyamba kundikhudza chibwerereni muno. Anati ndiye akauza amalume kuti nkhuku ailandire.

Ndinadya maungu onse.

Loweruka, 15 Febuluwale

Ndinadzuka wopepuka mtima. Ndinauza anamwino a Stelia, amene amagawa mankhwala m'mawa, kuti adokotala ati ndichira. Anandiyang'ana, anandipatsa mapilisi, anapitirira. Ndinasamba, ndinameta, ndinaganiza zokonza denga la khola ndikafika.

Cha m'ma 10 ndinatsegula kope kuti ndilembe. Ndinawerenga tsamba la dzulo, kenako la Lachitatu.

Sindinkanama kwa anamwino. Ndinkakhulupirira.

Lamulungu, 16 Febuluwale

Amayi a mpingo anabwera kudzaimba ndi kupemphera. Anasiya sopo ndi mabanzi.

Adokotala anadutsa masana ngakhale si tsiku lawo. Mawu atatu: mbuzi, zenera, ndi lina. Ndinabweza limodzi, lachiwiri anachita kundikumbutsa. Akuti sindinagwe masiku 13, mawa nditha kutuluka. Anafunsa ngati ndawauza amake Tiya. Ndinati ndiwauza. Anati mawa m'mawa ali mu ofesi kuyambira 8 koloko ngati ndingafune.

Ndakhala ndikuyenda m'nyumba yathu m'maganizo. Chipinda chogona chili ndi khomo limodzi, mawindo ndinaika zitsulo chifukwa cha akuba. Nyumba ya mng'ono wawo ili kuseri kwa munda wa chinangwa, munthu akakuwa mvula ikugwa pa malata samveka. Amake Tiya amandifika paphewa. Pulasitala achotsa pakati pa Malichi.

Ndaganizanso za kachipinda ka soya ku Dambe. Mulibe windo. Alamu anga ndi munthu wabwino koma ali ndi zidzukulu zinayi pakhomo, ndipo adzazibisa ndikamatuluka. Ndidzakhala pamenepo mpaka tsiku limene sindidzadziwa kuti ndili kwa yani. Ndikuopa. Ndikufuna kwathu, ndikufuna mpando wanga, ndikufuna munthu amene amadziwa mmene ndimamwera tiyi.

Ndinagwira tsamba la Lachitatu, la mawu a adokotala, kuti ndiling'ambe. Lang'ambika mpaka pakati.

A Henry anandiona. Anandiitana ndi dzanja, ndinakaima kumiyendo kwawo. Anati paja chaka chatha anandichonderera masiku atatu kuti ndilembe matani ochepa pa pepala la lole, ine ndinakana, ndinati pepala linene zimene zili m'lole. Akuti anauza madalaivala onse ku Chipata kuti ku Mchinji kuli ejenti wouma mtima ngati mwala. Anafunsa ngati ejenti ameneyo anapuma ntchito.

Sindikudziwa ngati ejentiyo akadalipo.

Lolemba, 17 Febuluwale

Anditulutsa. Kabamazepini wa mwezi umodzi, 200 m'mawa, 400 madzulo, osadumphitsa. Kubweranso pa 17 Malichi. Osayendetsa galimoto kapena njinga, osakwera padenga, osayandikira moto ndekha. Kalata ya kuntchito yopuma miyezi itatu.

Ku ofesi ya adokotala sindinapite. Ndinafika pakhomo n'kubwerera. Pakamwa sindingathe, ndinayesa Lachisanu ndipo chimene chinatuluka ndi bodza.

Amake Tiya, kuyambira apa ndikulembera inu.

Masamba awa ndawachotsa m'kope, onse, kuyambira tsiku loyamba. Muwerenge nokha, musapatse munthu kuti akuwerengereni. Tsamba long'ambika pakati muwerenge kawiri. Lachisanu ndinakunamizani. Sindichira. Zimene munaona katatu zija zidzabweranso, ndipo palibe amene angakuuzeni tsiku lake, ngakhale adokotala. Iwo ndawalembera kapepala kowalola kuti akuuzeni zonse, ndapatsa anamwino a Stelia. Mupiteko musanakwere minibasi.

Ine ndipita ndi achimwene ku Dambe mpaka pa 23. Mukhala ndi masiku asanu ndi limodzi ine kulibe. Mugone chitseko chosakhoma ngati mukufuna, muone mmene tulo timakomera.

Sindikukuuzani chochita. Ndikanakhala munthu wolimba ndikanati musandilandire. Sindine wolimba, ndikufunabe kubwera kunyumba, ndipo mukudziwa. Mukandilandira, mundilandire mukudziwa zimene zili pa tsamba lija, amalume akudziwa, Tiya akudziwa, m'nyumba muli munthu wina wamphamvu zondigwira. Mukakana, mwakana bwino, munthu asakunenereni kuti munathawa wodwala. Mwadwazika zaka zitatu nokha, ine osadziwa.

Chimene ndikuopa ndi ichi. Pa 23 ndikhoza kufika kwa a Mateyu nditaiwala zonse. Achimwene akhala nane sabata yathunthu akundiphunzitsa mawu awo, ndipo amandikonda. Ndikhoza kugwada, kunena kuti ndinaledzera, kulumbira misozi ili m'maso, ndipo ndidzakhala ndikunena zochokera pansi pa mtima. Ndikhoza kukuyang'anani n'kukuuzani kuti adokotala ati ndichira. Zikatero musandimvere. Mutulutse mapepalawa muwapatse amalume, ngakhale nditakuchondererani, ngakhale nditati sindine ndinalemba.

Ndine ndalemba, Cyprian Mbewe, lero m'mawa nditamwa mankhwala, mutu uli bwino.

Ndikukuonani pakhomo la wodi, mwanyamula dengu ndi dzanja lamanzere, achimwene ali kumbuyo kwanu ndi chikwama changa. Ndikupinda panayi kuti akwane m'mphepete mwa chitenje. Musawaonetse achimwene.